Zala zotupa ndi zikhadabo zowonongeka chifukwa cha ntchito ya m'madzi

Mayi wina wochita geni ya nsomba kufupi ndi Chia, m'boma la Nkhotakota, walemba motere:

"Adokotala, ndine mayi wa ana anayi. Ndimapikula usipa ndi chambo kudooko, ndipo kutsuka, kupala, kutumbula ndi kufutsa ndimachita ndekha. Dzinja ndimakhalanso kumunda wa mpunga. Chino ndi chaka chachiwiri zala zitatu za kudzanja lamanja zikutupa m'tsinde mwa zikhadabo. Ndikafinya mumatuluka timafinya pang'ono. Zikhadabo zake zachita mizeremizere, china chayamba kukanganuka ndipo pansi pake pakuoneka mobiriwira modera. Pakati pa zala za kumapazi pakuyera, pakusupuka ndi kununkha. Ndapakapo GV, ndathirapo ufa wa makapisozi, ndagulanso kachubu pamsika. Zimachita ngati zatha kenako n'kubwereranso. Ogula ena akaona manja anga amapita pa benchi ina. Anzanga akuti ndikayezetse magazi, apongozi akuti wina wandilodza chifukwa cha nsanje. Kodi ndi chiyani chimenechi, ndipo chingathe ndisanasiye ntchito? Anawa ndikuwaphunzitsa ndi nsomba zomwezi."

Mayi, pepani ndi ululuwo, ndipo mtima ukhale m'malo. Zimene mwalongosolazi timaziona kawirikawiri kuzipatala za m'mbali mwa nyanja, ndipo zimagwira anthu amene manja awo sauma: amayi a nsomba, owokera mpunga, ochapa zovala za anthu, otsuka mbale m'malesitilanti. Dzina lake lachipatala ndi chronic paronychia, kutanthauza kutupa kwa mnofu wozungulira chikhadabo kumene kwadutsa milungu 6 osatha. Vutoli limachira, ndipo ambiri amachira ali pa ntchito yawo yomweyo. Koma limachira pang'onopang'ono, ndipo mbali yaikulu ya chithandizo chake ili m'mene mukusamalira manjawo pa ntchito. Zalazo zikufunikabe kuti wachipatala azione ndi maso, koma mukamvetsa chimene chikuchitika mudzadziwa chokapempha.

Tayang'anani chala chanu chabwinobwino cha kumanzere. M'tsinde mwa chikhadabo, pamene chimatulukira mu mnofu, pali kakhungu kopyapyala komatirira pa chikhadabocho. Ntchito yake ndi yofanana ndi phula limene asodzi amamata m'ming'alu ya bwato: kutseka mpata kuti madzi asalowe. Tsopano yang'anani zala zodwalazo. Muona kuti kakhungu kaja kulibe, mnofu wafufuma ngati kamtsamiro, ndipo pakati pa mnofuwo ndi chikhadabo pali kadzenje. Kakhunguko kadanyowa tsiku ndi tsiku mpaka kufewa, mchere ndi sopo waufa zidachotsa mafuta ake, kenako mamba a chambo ndi matope zidakakhula n'kukachotsa. Simunatchule kuti ndi zala ziti, koma kawirikawiri zimakhala chamanthu, chamkombaphala ndi chapakati, chifukwa ndi zimene zimatsina mbande ya mpunga n'kuilowetsa m'matope, ndiponso ndi zimene zimalowa m'mimba mwa nsomba potumbula.

Mpata ukatseguka, m'kadzenje muja mumalowa madzi, thelezi la nsomba ndi dothi, ndipo simuuma. Mnofu umatupa chifukwa chonyansidwa ndi zimenezi, kutupako kumakulitsa mpata, mpatawo n'kulowetsanso madzi ambiri. Pamenepo mafangasi otchedwa Candida pamodzi ndi mabakiteriya amapeza pokhala, ndiwo akubweretsa timafinya mukuonato. Muzu umene umapanga chikhadabo uli pansi penipeni pa mnofu wotupawo. Nthawi iliyonse kutupa kukakula, muzu umasokonezeka ndipo chikhadabo chimatuluka ndi mzera. Mizere yambiri ija ikungosonyeza kuti chalacho chatupa kambirimbiri. Kubiriwira kodera kumabwera ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, amene amakonda malo onyowa pansi pa chikhadabo chokanganuka ndipo amatulutsa utoto umenewo. Chala sichikuwola ayi.

Apongozi anu akulankhula chifukwa chokuderani nkhawa, ndipo sikoyenera kukangana nawo. Aonetseni manja onse awiri, aone okha kuti zala zodwala ndi zomwe zimagwira ntchito kwambiri m'madzi. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musalole kutemedwa mphini pa zalazo, chifukwa bala la lezala pa mnofu wotupa kale limalowetsa tizilombo mkati. Anzanu nawo ali ndi mfundo, ngakhale kuti zikhadabo zotere pazokha sizitanthauza kuti munthu ali ndi HIV. Anthu ambirimbiri opanda kachilomboko ali nazo. Koma HIV ndi matenda a shuga zimachititsa kuti mafangasi azibwererabwerera komanso mabala azichedwa kupola, choncho vuto limene latha chaka ndi chifukwa chokwanira choyezetsera zonse ziwiri. Pemphaninso akuyezeni kuchuluka kwa magazi, makamaka ngati zikhadabo zina zayera kapena zalowa mkati ngati supuni, popeza likodzo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi mwa anthu ambiri ogwira ntchito m'madambo.

Mankhwala amene mwayesawo ali ndi zifukwa zake zolepherera. GV amapha Candida ndi kuumitsa pamwamba, n'chifukwa chake mumaona kusintha, koma m'mawa mwake madzi amalowanso pa mpata womwe uja. Ufa wa makapisozi adaupanga kuti umwedwe pa mlingo wake. Kuuthira pa bala kumangonyansa khungu ndi kuzolowetsa tizilombo mankhwalawo, mwakuti tsiku limene mudzawafunedi sadzagwira. Machubu ambiri a pamsika ndi osakaniza, ndipo mumakhala mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa monga clobetasol kapena betamethasone. Werengani pa kabokosi. Mankhwala amenewa ali ndi ntchito yake pa nthawi yoyezedwa, koma kupaka miyezi ndi miyezi kumapyapyalitsa khungu, ndipo pakati pa zala za kumapazi amangobisa kuyabwa mafangasi akufalikira. Parafini, mafuta a mabuleki, madzi a batire ndi utomoni wa nkhadze zimawotcha mnofu mpaka nthawi zina kupha muzu wa chikhadabo, ndipo muzu ukafa chikhadabo chabwino sichimeranso.

Tsopano tibwere pa zochita. Cholinga ndi chimodzi: zalazo zikhale zouma nthawi yaitali mokwanira kuti kakhungu kaja kamerenso, ndipo zimenezi zimatenga milungu 6 kapena kuposerapo.

Yambani ndi kasanjidwe ka ntchito. Ntchito zonse za m'madzi, kutsuka, kupala ndi kutumbula, zichitikire pamodzi m'malo moviika manja kakhumi pa tsiku. Potsuka usipa gwiritsani dengu kapena sefa, muviike ndi kukhutchumula mutagwira m'mphepete, manja asalowe m'beseni. Povundula pofutsa gwiritsani chipande kapena mthiko. Mamba palani ndi mpeni kapena chopalira, osati kukanda ndi zikhadabo, ndipo matumbo kokani ndi supuni yaing'ono. Mchere thirani ndi kapu. Kuyanika pa thandala, kutembenuza ndi kugulitsa ndi ntchito zouma, zimenezo pitirizani monga kale. Kunyumba, kwa miyezi iwiri yokha, kuchapa ndi kutsuka mbale agwireko ana okulirapo kapena m'bale, chifukwa sopo waufa amawononga kakhungu kaja kuposa madzi a m'nyanja.

Magolovesi amathandiza kwambiri, koma akavalidwa molakwika amawonjezera vuto. Kutentha kwa kunyanja kuno kumachititsa dzanja kutuluka thukuta m'golovesi ya labala, ndiye chala chimanyowabe. Gulani aakulupo pang'ono, ndipo mkati muzivala ena a nsalu ya thonje. Telala aliyense angakusokereni kuchokera ku malaya akale ofewa. Mukhale ndi mapeya awiri kapena atatu a nsaluwo kuti akanyowa musinthe. Pakatha mphindi 20 kapena 30 vulani, pukutani, zala zipitidwe mphepo. Golovesi yobooka itayeni, chifukwa imasunga madzi a nsomba pa chala ola lonse. Mukaweruka atembenuzeni kunja kukhale mkati, atsukeni ndi kuwayanika pa mthunzi. Mukaona kuti kuseri kwa dzanja kukuyabwa ndi kutuluka nsungu mpaka pamene golovesi imathera, ndiye kuti khungu lanu likudana ndi labalayo, sinthani mugule a pulasitiki.

Kumunda wa mpunga ndikovuta, ndipo sindikunamizani kuti mungawokere tsiku lonse mutavala magolovesi okhuthala. Ngati mungathe, chaka chino sinthanani ntchito ndi a pabanja panu kapena anzanu a musikimu: inu muzizula ndi kunyamula mbande kuchokera ku nazale, kukonza migula ndi kupirikitsa mbalame, ena aziwokera. Ngati n'kosatheka, pakani Vaseline wambiri kuzungulira zikhadabo musanalowe, tulukani pakatha ola lililonse, tsukani matope ndi madzi a pamjigo amene mwanyamula m'botolo, pukutani ndi kupakanso. Feteleza wa urea musamwaze ndi dzanja lopanda golovesi, amaluma kwambiri pa mnofu wotseguka.

Vaseline wamba, wopanda fungo, ndiye mnzanu wamkulu pa nkhaniyi. Pakani mukangopukuta manja nthawi iliyonse, ndipo usiku pakani wochuluka m'tsinde mwa chikhadabo chilichonse. Mafuta onunkhira a m'mabotolo ali ndi madzi ambiri ndi zonunkhiritsa zimene zimanyansa khungu lodwala. Lekani kufinya, ndipo musatokose m'kadzenjemo ndi kamtengo, singano kapena minga pofuna kuchotsa dothi. Kutokosa kulikonse kumang'amba kakhungu katsopano kamene kayamba kumata. Musabisenso zikhadabozo ndi utoto kapena zikhadabo zomata, chifukwa zimatsekera chinyezi mkati.

Kuchipatala, kaya chaching'ono cha kufupi ndi kwanu kapena chachikulu cha boma pa Nkhotakota, fotokozani ntchito yanu poyamba penipeni ndipo tengani machubu onse amene mwapakapo. Chithandizo chimene chimagwira bwino pa mnofu wotupawo ndi mankhwala opaka ochepetsa kutupa, monga betamethasone 0.1%, pang'ono chabe kawiri pa tsiku kwa milungu iwiri kapena itatu basi, pamodzi ndi opha mafangasi monga clotrimazole 1% kapena miconazole 2% kawiri pa tsiku kwa milungu ingapo. Nthawi yabwino yopaka ndi mukaweruka ndi pogona, kuti asatsukike. Chikhadabo chobiriwiracho wengani mbali yonse imene yakanganuka, ndi chowengera osati lezala, kuti pansi pake paume. Kenako sakanizani supuni imodzi ya viniga woyera ndi masupuni anayi a madzi owiritsa ozizira, viikani nsonga ya chalacho kwa mphindi 10 kawiri pa tsiku, n'kupukuta mpaka gwa. Utoto umene walowa kale m'chikhadabo suchoka, umatuluka pamene chikhadabo chikukula.

Mapiritsi a mafangasi safunika kwa aliyense. Amaperekedwa ngati chikhadabo chenichenicho chadyeka, chakhuthala ndi kumafumbutuka. Terbinafine amamwedwa milungu 6 pa zikhadabo za m'manja ndi milungu 12 pa za kumapazi. Griseofulvin, amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu ndipo amathandiza pa zipere, sagwira Candida, choncho musamugule nokha poganiza kuti athetsa vuto la zalali. Griseofulvin ndi fluconazole, mapiritsi enanso a mafangasi, sayenera mayi woyembekezera, ndipo griseofulvin amafooketsa mapiritsi olera. Nenani ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa, mukulera, muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, kapenanso munadwalapo chiwindi.

Za kumapazi ndi nkhani yomweyo ya chinyezi, koma kumeneko mafangasi ndiwo akutsogolera, ndipo fungolo likuchokera kwa mabakiteriya amene alowerera pa khungu lofewalo. Madzulo alionse sambitsani ndi sopo, kenako pukutani mpata uliwonse pakati pa zala ndi kansalu kakekake, makamaka pakati pa chala chomaliza ndi chinzake, pamene pamathina kwambiri. Chitaninso chimodzimodzi mukasamba pokonzekera swala ngati ndinu Msilamu. Pakani clotrimazole kawiri pa tsiku kwa milungu inayi, ndipo pitirizani milungu ina iwiri pakaoneka kuti papola, chifukwa ambiri amasiyira panjira n'kumadabwa zikabwerera. Mafuta a Whitfield amagwiranso, koma amaluma pa khungu losupuka, choncho dikirani pauma kaye. Ngati pakuchucha madzi ndi kununkha kwambiri, achipatala angakupatseni potassium permanganate woviikamo mapazi mphindi 10 kapena 15. Madzi ake akhale ofiirira pang'ono chabe moti pansi pa beseni pakuoneka, chifukwa akada amawotcha. Betamethasone uja asafike kumapazi. Pakati pa zala za kumapazi musapakenso Vaseline, ameneyo ndi wa ming'alu ya kuchidendene. Jombo zimateteza, koma zikalowa madzi zimasanduka dziwe. Khuthulani, yanikani mozondotsa, valani ndi masokosi ouma, ndipo mukaweruka valani patapata.

Popeza mumakhala m'madzi a Chia ndi m'minda ya mpunga, musaiwale likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha ndipo timaboola khungu labwinobwino, nthawi zina n'kusiya kuyabwa ndi tinsungu m'miyendo tsiku lomwelo. Magazi kumapeto kwa mkodzo ndicho chizindikiro chodziwika, koma mwa amayi limabweretsanso kupweteka m'chinena, ukazi wachilendo ndi kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, ndipo ambiri amalandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana pamene vuto ndi likodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amayezedwa molingana ndi sikelo ya munthu, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, ndipo amamwedwa mutadya. Madzi osamba otungidwa kunyanja akakhala mu ndowa masiku awiri tizilomboto timafa.

Pali nthawi zimene simuyenera kudikira. Chala chikatupa mwadzidzidzi, kutentha, kugunda ngati mtima mpaka kukulepheretsani kugona, ndiye kuti mafinya asonkhana. Tsiku loyamba mungaviike m'madzi ofunda a mchere, supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita, mphindi 15 katatu kapena kanayi, koma mukapanda kusintha pofika mawa lake, kapena mafinya akuonekera, pitani akatumbule ndi zida zoyera ndi kukupatsani mankhwala akumwa monga flucloxacillin. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati chala chonse chatupa n'kupindika moti kuchiwongola kukupweteka koopsa, ngati ululu ndi kutupa zikukwera m'dzanja kulowera kumkono, ngati mwatuluka mwanabele m'khwapa, kapena thupi latentha. Mafinya akalowa m'njira ya mtsempha wopinda chala, masiku ochepa okha amakwanira kuchiumitsa mpaka kale.

Minga ya nsomba nayo ndi nkhani yanu. Mukabayidwa ndi kampango, mlamba kapena nkholokolo, tsukani ndi sopo, chotsani chidutswa chooneka, ndipo viikani m'madzi otentha amene dzanja lanu labwino lingapirire osapsa kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, ululu umatsika. Pakapita masiku awiri mpaka sabata, mukaona chibanga chofiirira moderako, chowotcha, chimene chikukula m'mphepete pakati pakuchira, amenewo ndi matenda a ogwira nsomba otchedwa erysipeloid, ndipo amamva penicillin. Kachotupa kolimba kamene katuluka patatha milungu ingapo ndipo sikakupola, mwina ena n'kumatsatana kukwera mkono, kakufunika kuonedwa ku kiliniki ya khungu. Onaninso m'buku lanu la kuchipatala ngati mudamaliza katemera wa kafumbata. Amayi ambiri amalandira kawiri kusikelo ya pakati n'kulekera pomwepo, chonsecho ndondomeko yonse ndi jakisoni kasanu.

Zinthu zina ziwiri ndizitchule chifukwa zimabisala m'gulu la mabala a ntchito. Choyamba ndi khate, limene likadalipo m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Munthu amene akupsa pofutsa kapena kuchekeka osamva ululu, ali ndi dzanzi m'zala, kapena ali ndi chibanga choyererako chimene sichimva kukhudza, akayezetse msanga. Mankhwala ake ndi aulere ndipo amachiza m'miyezi 6 kapena 12. Chachiwiri ndi khansa ya khungu. Mizere yakuda yotsika m'litali mwa zikhadabo zingapo ndi yachibadwa mwa anthu akuda ambiri, koma mzera umodzi pa chala chimodzi umene ukukula m'lifupi, kudetsa mnofu wa m'mbali kapena kuswa chikhadabo, komanso chilonda cha kuphazi chimene chatha miyezi osapola, zikufunika dokotala, ndipo ngati n'kofunika adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Za ogula anu, nkhawa yawo ili ndi mbali yoona. Chikhadabo cha mizere kapena chobiriwira sichipatsira munthu matenda kudzera mu nsomba imene akaphike. Koma mafinya amakhala ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus, amene akagwera pa chakudya chophikaphika monga nsomba yokazinga kapena usipa wofutsa amachulukana ndi kuyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba. Masiku amene chala chikutuluka mafinya, mangani ndi pulasitala youma ndipo patsirani ogula ndi chipande kapena mbale. Pulasitalayo ichotseni ikangonyowa ndiponso usiku.

Nthawi yabwino yoyambira zonsezi mwamphamvu ndi pamene mwera wakula, mu June ndi July, mabwato sakulowa kawirikawiri ndipo kuwokera kwa dzinja kudatha. Koma musadikire, yambani lero ndi zimene mungathe. Mukasamala bwino, ululu ndi timafinya zimachepa m'milungu iwiri kapena itatu, ndipo kufufuma kumaphwa m'miyezi iwiri kapena itatu. Chikhadabo cha m'manja chimakula pafupifupi mamilimita atatu pa mwezi, choncho chatsopano chimafika kunsonga pakatha miyezi inayi mpaka 6, pamene cha chala chachikulu cha kuphazi chimatenga chaka kapena chaka ndi theka. Musaweruze poyang'ana kunsonga, kumene kuli chikhadabo chakale chowonongeka. Yang'anani m'tsinde kamodzi pa mwezi, kapena jambulani ndi foni kuti muzifananitsa. Mukaona kachigawo kosalala kakutuluka ndipo kakhungu kopyapyala kayambanso kumata pa chikhadabo, mankhwala agwira. Ikatha miyezi itatu mukuchita zonsezi koma m'tsinde simunasinthe, bwererani kuchipatala mukapemphe kuti apale chikhadabocho akachiyeze, popeza matenda ena a khungu monga psoriasis amawononga zikhadabo mofanana ndi mafangasi koma mankhwala ake ndi ena.